Chitini cha agogo: kodi ndalama zakale za ku Britain zimagulidwa motani?

Nangozo, Lilongwe

Moni kwa inu nonse akuluakulu a pa gulu lino. Pali nkhani imene yautsa mkangano pabanja pathu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifunse kwa odziwa tisanachite chinthu chimene tingadzanong'oneze nacho bondo. Mwezi wathawu tinkasasula denga la nyumba ya malemu agogo athu aamuna kumudzi ku Ntcheu kuti tifolere malata, ndipo pamwamba pa khoma tinapeza chitini cha tiyi chokulungidwa m'nsanza, m'kati mwake muli ndalama zachitsulo 63. Agogowo anagwirapo ntchito ku Salisbury (Harare ya lero) komanso ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerera kumudzi dziko lino lisanalandire ufulu.

Zambiri mwa ndalamazi ndi makobiri akuluakulu ofiirira okhala ndi mitu ya Victoria, Edward VII, George V ndi George VI. Pali zina zoyera: matiki, mashilingi, ndi zitatu zazikulu zolembedwa kuti HALF CROWN, za 1916, 1930 ndi 1948. Palinso ina yoyera imene ilibe manambala a chaka, ndipo zilembo zake ndi zokhotakhota zovuta kuwerenga. Zina ndi zoboola pakati, zokhala ndi njovu. Koma imene yasokoneza anthu mitu ndi yachikasu, ya 1837, imene mbali ina ili ndi mutu wa mfumukazi, mbali inayo munthu atakwera hatchi. Msuweni wanga akuti ameneyu ndi golide. Amalume apeza kale munthu pa boma amene akufuna kugula chitini chonse pamtengo umodzi, koma munthuyo akukana kunena mtengo wa ndalama iliyonse payokha. Kodi zinthu zimenezi zimayesedwa bwanji?

Gama, Johannesburg

Chemwali, musalole kuti chitinicho chichoke m'manja mwanu. Ine ndaonapo pa eBay, msika wa pa intaneti, kobiri la Victoria likugulitsidwa mapaundi 5,000, ndipo pa Facebook anthu amalemba kawirikawiri kuti kobiri la 1933 lokha lingagule nyumba. Ngati muli ndi ndalama ya 1837, imene yatsala pang'ono kukwanitsa zaka 200, ndiye kuti agogo anakusiyirani chuma chenicheni. Fufuzani bwino m'makobirimo ngati mulibe la 1933.

Mbewe, Leeds

Mayi Nangozo, ndakhala ndikusonkhanitsa ndalama zakale za kuno ku Britain kwa zaka zoposa 20, ndipo ndiyamba ndi pempho limodzi ndisanayankhe china chilichonse: musatsuke ndalama ngakhale imodzi. Musayese ndi mandimu, phulusa, mchenga, polishi kapena mankhwala otsukira mano. Kuda kumene mukukuona pa ndalama ndi khungu limene lapangika pang'onopang'ono pa zaka zambiri, ndipo ogula amalifuna. Ndalama yokwechedwa imakhala ndi timizere tating'ono timene timaoneka pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo timizere timeneti sitifufutika mpaka kalekale. Wogula wodziwa akangoona kuwala kwachilendoko amadula mtengo pakati, mwinanso kuposa pamenepo.

Tsopano za yachikasuyo. Ndikupemphani kuti muyang'ane pamwamba pa wokwera hatchiyo ngati palibe mawu akuti TO HANOVER. Ndikufunsa chifukwa chakuti chaka cha 1837 chikundikayikitsa. Victoria analowa ufumu m'chaka chimenecho, koma ndalama yake yoyamba ya golide ya paundi imodzi, imene imatchedwa sovereign, inatuluka mu 1838, ndipo kumbuyo kwake kunali chishango, osati hatchi. Chithunzi cha George Woyera akubaya chinjoka, chimene anajambula Benedetto Pistrucci ndipo chinayamba kuoneka mu 1817, chinabwereranso pa sovereign ya Victoria mu 1871. Choncho mutu wa Victoria, hatchi ndi 1837 sizikumana pa ndalama yeniyeni ya golide. Kumene zimakumana ndi pa kachitsulo ka mkuwa wachikasu kamene anthu ankawerengera popanga juga ya makadi. Wokwera hatchiyo ndi Ernest Augustus, m'bale wa bambo ake a Victoria, amene anakakhala mfumu ya Hanover chifukwa lamulo la kumeneko silinkalola mkazi kulowa ufumu. Anthu a ku England sankamukonda, ndipo kachitsuloka kanali konyoza, kokondwerera kuti wapita. Tizitsulo timeneti tinapangidwa tambirimbiri kwa zaka zambiri, ndipo anthu achinyengo ankapusitsa nato anzawo kuti ndi golide kuyambira nthawi imeneyo.

Sikelo ndiyo idzathetse mkangano. Sovereign yeniyeni imalemera magalamu 7.98, ndipo mwa amenewa 7.32 ndi golide weniweni. Kachitsulo ka juga kamalemera pafupifupi theka la pamenepo. Pitani kwa osula mphete kapena kulikonse kumene kuli sikelo yowerenga tizigawo ta galamu.

Nangozo, Lilongwe

Bambo Mbewe, mawuwo alipodi. Ndayang'ana ndi tochi ya foni ndipo palembedwa TO HANOVER monga mwanenera. Ndamutumizira msuweni wanga zimene mwalembazi, koma iye akuti asakhulupirire kufikira ataona sikelo. Ndiyeneranso kuulula kuti mlongo wanga wamng'ono anali atatsuka kale zinayi ndi mandimu ndi phulusa tsiku limene tinazipeza, pofuna kuti tiwerenge zaka. Imodzi mwa zinayizo ndi half crown ya 1930.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Ndakondwa kuona nkhani imeneyi, chifukwa ndalama zimene mukuzitchula zakalezi ine ndinagulira zinthu, ndipo ndinaphunzitsa nazo masamu. Achinyamata amene anabadwira mu kwacha ndi tambala sadziwa mmene tinkavutikira. Makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi, mashilingi 20 ankapanga paundi, motero paundi inali makobiri 240. Tiki inali makobiri atatu, sikisipensi makobiri asanu ndi limodzi, florin mashilingi awiri, ndipo half crown inali mashilingi awiri ndi sikisipensi. Mwana wa Sitandade 4 ankayenera kuphatikiza mizere itatu, uliwonse ndi lamulo lake lonyamulira, ndipo zikoti zambiri zinathera pa samu imeneyi.

Mdzukulu wanga Nangozo, chitini chako chili ndi mitundu iwiri kapena itatu ya ndalama, ndipo uyambe waisiyanitsa. Mu ulamuliro wa Nyasaland ndalama za ku Britain zenizeni ndizo zinkayenda kuno poyamba, ndipo makolo athu ankazisakasaka chifukwa cha msonkho wa nyumba, umene unkakhomedwa ndi mashilingi. Ndiwo unathamangitsira amuna ambiri ku Salisbury ndi ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kunabweranso ndalama za Southern Rhodesia, zimene zinkayendera limodzi ndi za ku Britain pamtengo wofanana. Zoboola za njovu zimene watchulazo si za ku Britain ayi, ndi makobiri a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba kutuluka mu 1955. Theka la kobiri linali ndi akadyamsonga, tiki inali ndi duwa, ndipo ya mashilingi awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Amayi ankatunga zoboolazo pa chingwe n'kumangirira m'chiuno popita kumsika. Mu 1964 tinalandira zathu za mutu wa Dr Banda, sikisipensi ya tambala wakuda ndi shilingi ya chimanga, ndipo mu 1971 kwacha inalowa, makwacha awiri pa paundi imodzi, shilingi n'kusanduka 10 tambala. Chaka chomwecho, pa 15 February, a ku Britain nawonso anasiya mashilingi n'kuyamba kuwerenga makobiri 100 pa paundi.

Chinthu china chimene ndikukumbukira ndi chakuti akuluakulu ankagwetsa shilingi pamwala n'kumvetsera. Yakale inkalira mokoma ndi motalika, yatsopano inkalira mouma. Yolira mokomayo ankaisunga, youmayo n'kukagulira mchere. Ndikukhulupirira kuti agogo ako sanangotaya ndalama m'chitinimo mwachisawawa, koma ankasankha.

Mbewe, Leeds

Aphunzitsi afika pamutu weniweni wa nkhani, ndipo khutu la akuluakulu aja silinkanama. Ndalama zoyera za ku Britain zili m'magulu atatu malinga ndi chaka. Zonse za 1919 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000. Nkhondo yoyamba itatha mtengo wa siliva unakwera kwambiri moti chitsulo cha mu shilingi chinafika poposa mtengo wa shilingiyo, choncho kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva anachepetsedwa kufika theka. Kuyambira 1947 anamuchotseratu n'kuika mkuwa wosakaniza ndi nikelo, chifukwa boma linkafunika kubweza siliva amene linabwereka ku America pa nkhondo yachiwiri.

Ma half crown anu atatu akugwera m'magulu onse atatuwa, ngati kuti agogo ankafuna kutiphunzitsa. Iliyonse imalemera magalamu 14.14 ikakhala yosaperepeseka. Ya 1916 ili ndi siliva magalamu 13 ndi pang'ono, ya 1930 ili ndi magalamu 7 ndi pang'ono, ndipo ya 1948 ilibe siliva ngakhale pang'ono, ngakhale kuti m'maso ndi yofanana ndi zinzakezo. Shilingi imalemera magalamu 5.66, florin 11.31, sikisipensi 2.83, tiki ya siliva 1.41. Mukachulukitsa kulemerako ndi 0.925 kapena 0.5 malinga ndi chaka, mupeza siliva amene ali m'ndalama iliyonse. Phatikizani zonse, gawani ndi 31.1 kuti mupeze maaunsi amene amalonda a siliva amawerengera, ndipo chulukitsani ndi mtengo wa tsiku limenelo, umene umapezeka pa intaneti. Chimene mupezecho ndi mtengo wapansi. Wogula aliyense amapereka mocheperako pang'ono kuti naye apezepo phindu, koma amene akupereka kotala la pamenepo akukuberani.

Za half crown ya 1930 zandimvetsa chisoni, chifukwa mwa zitatuzo ndiyo inali ndi mwayi wopitirira mtengo wa siliva. M'chaka chimenecho anapanga zongopitirira pang'ono 800,000, pamene zaka zina ankapanga mamiliyoni ambiri, motero osonkhanitsa amaifuna pamodzi ndi ya 1925. Ikakhala kuti inali yoperepeseka kale, phulusa silinawononge zambiri. Ikakhala kuti tsitsi ndi ndevu za George V zinkaoneka bwino, ndiye kuti mandimuwo adya ndalama zooneka. Musamukalipire mlongo wanuyo, chifukwa pafupifupi aliyense wa ife anayamba ndi kulakwa komweko.

Yopanda manambala ija ndikuganiza kuti ndi florin ya Victoria ya pakati pa 1851 ndi 1887. Chaka chake chilipo, koma chinalembedwa m'manambala a Chiroma kumapeto kwa mawu ozungulira mutu, mwachitsanzo mdccclxxii kutanthauza 1872. Ndi imodzi mwa ndalama zokongola kwambiri zimene Royal Mint, fakitale yodinda ndalama za ku Britain, inapangapo, ndipo ngakhale yotha imagulidwa mopitirira siliva wake malinga chaka chikuwerengeka.

Gama, Johannesburg

Bambo Mbewe, ndikulemekeza luso lanu, koma pali chimene sindikumvetsa. Mukukamba za magalamu ngati tikugulitsa zitsulo zakutha. Nanga mitengo imene ndinaiona ndi maso anga ija ndi yabodza? Munthu sangalembe mapaundi 5,000 pa kobiri popanda chifukwa. Ndiponso simunanene kanthu za 1933.

Mbewe, Leeds

Achimwene a Gama, munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse umene wafuna, monga mmene mungaikire mbuzi yanu pamsika n'kunena kuti ndi ya mamiliyoni khumi. Funso ndi lakuti, kodi wina anagula? Pa eBay pomwepo pali posankha kuti muone zokhazo zimene zinagulidwa, ndipo mukatero mudzaona makobiri a Victoria otha akupita pa paundi imodzi kapena iwiri, ena akugulitsidwa pa kilo. Chifukwa chake n'chakuti anapangidwa mamiliyoni ochuluka, anayenda m'matumba mpaka 1971, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse kuno ili ndi botolo la makobiri amenewa. Chaka cha 1967 chokha chili pa makobiri oposa 600 miliyoni, popeza anapitiriza kudinda chaka chomwecho mpaka kumapeto. Ukalamba wa ndalama pawokha suika mtengo. Ndalama wamba ya mkuwa ya Aroma, ya zaka 1,700, ndimatha kuigula ndi mapaundi ochepa, pamene 50p ya Kew Gardens ya 2009, imene anapanga 210,000 zokha, imagulidwa mapaundi oposa 100. Mtengo umabwera pamene zinthu zili zochepa, ozifuna ali ambiri, ndipo ndalamayo yasungika bwino.

Nkhani ya 1933 ndi yoona, ndipo mbali ina inachitikira mumzinda uno. M'chaka chimenecho mabanki anali ndi makobiri ochuluka kwambiri moti Royal Mint sinapange oti ayende. Anangodinda ochepa, amene akudziwika ndi asanu ndi awiri kapena kuyandikira pamenepo. Ena anasungidwa ku Royal Mint ndi ku British Museum, ndipo atatu anakwiriridwa pansi pa miyala ya maziko a nyumba zimene zinkamangidwa, monga unalili mwambo. Limodzi lili pansi pa Senate House ya University of London. Lina linali pansi pa tchalitchi cha St Cross ku Middleton, kuno ku Leeds, ndipo mu 1970 zinadziwika kuti akuba analifukula. Zitatero, akuluakulu a mpingo analamula kuti lachitatu, limene linali pa tchalitchi cha St Mary ku Hawksworth Wood, lifukulidwe n'kugulitsidwa lisanabedwe. Mukuona kuti makobiri amenewa sanalowepo m'thumba la munthu wogula buledi, ndiye njira yoti limodzi lifikire m'chitini ku Ntcheu palibe. Amene amapezeka ndi a 1935 amene wina wasema nambala yomaliza, kapena opangidwa dzulodzuloli.

Koma Mayi Nangozo asataye mtima ndi makobiri awo, chifukwa pali oyenera kuwafufuza. Tengani onse a 1912, 1918 ndi 1919, muyang'ane kumanzere kwa chaka, pansi pa mayi wokhala pansi uja amene amatchedwa Britannia. Mukaona kachilembo H, kobirilo linadindidwa ndi kampani ya Heaton ku Birmingham. Mukaona KN, zimene zimapezeka pa 1918 ndi 1919 pokha, linadindidwa ku King's Norton, ndipo amenewo ndiwo osowa kwambiri mwa mitundu iwiriyi. Yang'ananinso 1869, 1950 ndi 1951. A 1951 anali 120,000 okha ndipo ambiri anatumizidwa ku Bermuda. Mukapeza la 1923, 1924, 1925 kapena la pakati pa 1941 ndi 1943 lolembedwa ngati la ku Britain, dziwani kuti ndi lachinyengo, chifukwa zaka zimenezo makobiri sanadindidwe.

Mayi Tembo, Chipata

Ine ndikufuna kuchenjeza za ogula, chifukwa banja lathu linapsapo. Zaka zapitazo kunamveka mphekesera kuno kuti azungu akufuna makobiri oboola pakati ndi simbi zamakala za tambala, ati muli mankhwala odula kwambiri. Mlamu wanga anali ndi makobiri a chitaganya okwana dzanja. Kunabwera anthu awiri ovala bwino, anayesa makobiriwo ndi maginito ndi singano, n'kunena kuti awiri mwa iwo ndi amoyo ndipo bwana wawo ku Lusaka apereka ndalama zoti sitinazionepo. Chotsalira chinali chakuti mlamu alipire kaye ndalama yoyezera ku makina ndi ya chiphaso. Anagulitsa ng'ombe. Anthuwo anatenga ndalama pamodzi ndi makobiri, ndipo nambala yawo ya foni sinalirenso. Mayi Nangozo, wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa. Ndipo ameneyo wokana kutchula mtengo wa iliyonse payokha, ndikuganiza kuti waonamo imodzi kapena ziwiri zimene akuzifuna, ndipo akubisala kuseri kwa chitini chonse.

Mbewe, Leeds

Pepani kwambiri Mayi Tembo. M'makobiri amenewo mulibe china koma mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina pang'ono. Maginito ali ndi ntchito imodzi yokha pa nkhaniyi: golide, siliva ndi mkuwa sizikokedwa, choncho ndalama yakale ya ku Britain imene ikumamatira ku maginito ndi yachinyengo. Za 1p ndi 2p zimene zinapangidwa kuyambira 1992 zimamamatira chifukwa m'kati mwake ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo.

Ndifotokozeko za kasungike, chifukwa ndi pamene atsopano ambiri amadzinyenga. Ogulitsa a kuno amaika ndalama m'magiredi. Fine ndi yoyenda kwambiri, imene zithunzi zikuoneka koma malo okwera anasalala. Very Fine ndi yoperepeseka pang'ono pamalo okwera okha. Extremely Fine ndi imene inangoyenda pang'ono kwambiri, moti kutha kwake muyenera kuchita kukufunafuna. Uncirculated ndi imene sinagulirepo kanthu ndipo ikadali ndi kunyezimira kwa kufakitale. Makampani a ku America, NGC ndi PCGS, amagwiritsa manambala kuyambira 1 mpaka 70 n'kutsekera ndalamayo m'kabokosi, koma ntchitoyi ndi yolipira ndipo siyenera ndalama ya mapaundi asanu. Chimene anthu sayembekezera ndi kukula kwa mpata pakati pa magirediwa. Kobiri lomwelo, chaka chomwecho, likhoza kukhala la paundi imodzi likakhala Fine, koma la mapaundi makumimakumi likakhala Uncirculated. Buku la mitengo ya ndalama za ku Britain, limene limatuluka chaka ndi chaka, limalemba mitengo m'mizere ya magirediwa, ndipo munthu watsopano diso lake limathamangira ku mzere wa kumapeto, pamene ndalama yake mwina siyikufika ngakhale pa mzere woyamba. Ndalama zimene zinayenda kuchokera ku London mpaka ku migodi, kenako m'misika ya ku Ntcheu, zambiri zimakhala pansi pa Fine. Kumbukiraninso kuti mitengo ya m'bukuyo ndi yogulitsira m'sitolo, osati imene wasitoloyo angakupatseni.

Poyesa za George V yang'anani tsitsi la pamwamba pa khutu ndi nsonga ya ndevu za pamlomo. Pa Britannia yang'anani zala zogwira mkondo wa mano atatu ndi mizere ya pa chishango. Chiboo chimene munthu anaboola yekha kuti avale m'khosi, kuphwanyika kwa m'mphepete, ndi dzimbiri lobiriwira zimagwetsa mtengo kuposa kuperepeseka wamba.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Ndikuvomereza zonse zimene a Mbewe afotokoza pa za msika, koma ndili ndi maganizo osiyana pang'ono pa zoyenera kuchita. Ngati chitini chonse chingabweretse ndalama yogulira matumba ochepa a feteleza, ndipo ndalamayo igawidwe pakati pa amalume, asuweni ndi adzukulu, aliyense atenga yosakwana kanthu, ndipo pofika Khirisimasi palibe amene adzakumbukire kumene inapita. Pamene chitinicho chikadalipo, mwana wa m'banjamo akhoza kugwira m'manja shilingi imene agogo ake anaikhetsera thukuta pansi pa nthaka ku Joni. Ine ndinagulitsa zanga zonse kwa mlendo wina m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero ndikafuna kuonetsa adzukulu anga tiki ndimachita kuijambula papepala. Sindikuletsa kugulitsa ngati pali vuto lofuna ndalama msanga, koma banja likhale pansi lidziwe chimene likusinthanitsa.

Gama, Johannesburg

Ndafufuza monga ananenera a Mbewe, ndipo ndavomera kuti zogulidwa zenizeni ndi za mitengo yotsika. Lija la mapaundi 5,000 likadali pomwepo, palibe walikhudza. Komabe pa mawu a Aphunzitsi ndikuti kukumbukira makolo sikudyetsa ana. Ngati muli ziwiri kapena zitatu zamtengo, agulitse zimenezo, zotsalazo asunge. Funso langa ndi lakuti, munthu ali ku Lilongwe angagulitse kuti pamtengo woyenera? Kuno ku Joni masitolo ogula ndalama zakale alipo, koma amakonda za South Africa ndi golide.

Mbewe, Leeds

Funso limenelo ndi lovuta kuposa la mtengo. Nyumba za okushoni za ku London monga Spink, Noonans ndi Baldwin's zimatha kuona zithunzi n'kunena maganizo awo, koma zimalandira katundu wa mtengo wokwera, ndipo zimadula gawo lawo pa zimene zagulitsidwa. Ndalama ya mapaundi 20 siyingalipire ulendo wake wa pa positi yotetezedwa. Kwa zinthu ngati za Mayi Nangozo, njira yanzeru ndi kudikira wachibale wodalirika amene akubwera kuno, apite nazo ku sitolo ziwiri kapena zitatu, kapena ku msika wa osonkhanitsa ndalama, n'kuyerekeza mitengo. Zoboola za chitaganya zisasakanizidwe ndi za ku Britain, chifukwa zili ndi ozifuna akeake, makamaka ku Zimbabwe, South Africa ndi pakati pa amene anakhalako kumeneko, ngakhale kuti nazonso zambiri ndi zotsika mtengo.

Nangozo, Lilongwe

Ndabwera ndi zotsatira. Dzulo ndinapita ndi msuweni wanga kwa osula mphete, ndipo yachikasu ija yalemera magalamu 4.1. Msuweniyo anapempha kuti ayesenso kachiwiri, ndipo sikelo inabwereza zomwezo. Sanalankhule njira yonse yobwerera.

Ndasanja zonse pa tebulo monga munandilangizira. Za chitaganya zilipo 11. Makobiri a ku Britain alipo 34, ndipo la 1933 palibe, a Gama. A 1919 alipo atatu, awiri opanda chilembo, koma limodzi lili ndi KN yooneka bwino kumanzere kwa chaka, ndipo mwamwayi silili m'gulu la zotsukidwa zija. Mutu wa mfumu ndi wosalala ndithu, khutu lokha ndilo likuoneka. Florin ija ndawerenga mdccclxxiii, kutanthauza 1873 ngati sindinalakwitse. Pa zoyera 17, imodzi yokha, half crown ya 1948, ndiyo ya pambuyo pa 1946, ndipo 11 ndi za 1919 kubwerera m'mbuyo. Aphunzitsi munanena zoona kuti agogo ankasankha.

Ndawaimbira amalume kuwauza kuti munthu wa pa boma uja atchule mtengo wa zoyera pazokha ndi wa makobiri pawokha. Akuti atamva zimenezo anafunsa ngati tingamugulitse zoyera zokha, makobiriwo tikhale nawo. Banja likumana Loweruka. Pakadali pano ndisunge motani, popeza chitinicho chachita dzimbiri m'kati?

Mbewe, Leeds

Mwawerenga bwino, ndi 1873. Kobiri la KN lotha choncho ndi la mapaundi ochepa chabe, koma ndi limene wosonkhanitsa aliyense wa makobiri a George V amafuna kuti atseke mpata, ndipo ine ndinafufuza nthawi yaitali ndisanapeze langa loyamba.

Zichotseni m'chitinimo lero lomwe. Iliyonse ikhale m'kaenvelopu kakekake ka pepala, ndipo mulembe chaka ndi mtundu wake kunja musanaikemo ndalamayo, kuti cholembera chisadinde pa chitsulo. Pewani timatumba ta pulasitiki yofewa, chifukwa m'nyengo yotentha timatulutsa mafuta obiriwira amene amadya mkuwa ndi siliva yemwe. Musazimange ndi mphira kapena kuzimata ndi selotepi. Pogwira, gwirani m'mphepete ndi zala zouma. Makobiri amene ayamba kale dzimbiri lobiriwira akhale kutali ndi anzawo, ndipo zonse zikhale pamalo ouma, osati pafupi ndi khoma limene limachita chinyontho nthawi ya dzinja. Chitini ndi nsanza zija musataye, zisungeni padera pamodzi ndi pepala lolembapo dzina la agogo, kumene anagwira ntchito, ndi tsiku limene munazipeza.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Mdzukulu wanga, musanakumane Lowerukalo, undijambulire tiki imodzi mbali zonse ziwiri, uyiike pambali pa 1 kwacha yachitsulo kuti kukula kwake kuoneke, unditumizire pano. Adzukulu anga amakana kuti kunali ndalama yaing'ono chotero yoti munthu n'kugula nayo chakudya cha tsiku.